Nyimbo za Wambali zili ngati khofi wa ku Nchenachena

Pali oimba amene nyimbo yawo ikangoyamba pa wailesi umadziwiratu kumene ikupita. Ndime yoyamba isanathe wayamba kale kung'ung'udza, ndipo pofika madzulo ana akuiimba pamjigo. Mtebeti Wambali Mkandawire sanali woimba wa mtundu umenewo. Munthu ukamva chimbale chawo koyamba umasowa poti uchiike. Ukati ndi nyimbo zauzimu, ng'oma yake ikukukumbutsa vimbuza. Ukati ndi zamakolo, kukutulukira gitala ndi malipenga a jazi. Ukati ndi jazi ya ku America, mawu ake ndi Chitumbuka, Chitonga kapena Chichewa, ndipo kapolokozedwe kake ndi ka m'mudzi mwenimweni. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri Amalawi ankawalemekeza a Wambali koma osawamvetsa bwino.

Njira yapafupi yomvetsera ntchito ya bambo ameneyu ndi kupita m'munda wa khofi m'boma lakwawo la Rumphi. Mukachoka pa Njakwa n'kutsata msewu wa ku Livingstonia, kudutsa Mhuju, mumafika pa Nchenachena, m'tsinde mwa mapiri a Nyika, kumene kumazizira ndipo mitsinje siuma. Kumeneko ndi m'mapiri a Phoka alimi ang'onoang'ono amalima khofi amene amagulitsidwa ndi dzina la Mzuzu Coffee. Kummawa kwake, kutsidya kwa mapiri, m'mbali mwa nyanja, kuli Mlowe, kwawo kwa a Wambali. Moyo wa mtengo wa khofi, kuyambira panazale mpaka m'kapu, ukufanana kwambiri ndi ulendo wa nyimbo zawo.

Tiyambe ndi mbewu. Khofi kwawo ndi ku Ethiopia, mu Africa momwe muno, koma sanabwere ku Malawi molunjika. Anayamba wazungulira dziko, ndipo mbande imene inayambitsa ulimiwu kuno inachokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh, ku Scotland, n'kudzabzalidwa pa mishoni ya Blantyre mu 1878. Lero palibe amene anganene kuti khofi wa ku Phoka ndi wachilendo. Dothi, kuzizira ndi madzi a kumeneko zinamupatsa fungo lakelake. Jazi nayo mizu yake ili mu Africa. Inapita ku America ndi anthu ogwidwa ukapolo, inakakulira ku New Orleans, inadzera ku Johannesburg ndi Cape Town, n'kubwerera kwa ife yavala suti. Chimene a Wambali anachita ndi kuibzala m'dothi la ku Mlowe.

Iwo eni akenso anali mbewu yoyendayenda. Anabadwa mu 1952 ku Congo, kumene makolo awo a ku Mlowe ankakhala, ndipo nyimbo zoyamba kulowa m'makutu mwawo zinali za kumeneko. Ali mwana anabwera kudzakhala ndi agogo awo kunyanja. Mlowe wa nthawi imeneyo sanali malo osowa nyimbo. Amuna obwerera ku migodi ya ku Joni ankabwera ndi magalamafoni ndi mbale za kwela. Wailesi inkaponya nyimbo za Elvis Presley ndi Cliff Richard. Pabwalo pankavinidwa malipenga, gule amene anthu a m'mbali mwa nyanja anamutengera ku perete wa asilikali n'kumusandutsa wawo. Usiku kunkamveka ng'oma za vimbuza. Lamulungu kutchalitchi kunkaimbidwa nyimbo za m'buku la Sumu za Ukhristu, momwe muli nyimbo zopekedwa ndi anthu a kumpoto konkuno monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula, amene anatenga maimbidwe a Chingoni n'kuwalowetsa m'chipembedzo. Mwana wokulira pakati pa zonsezi sangaone chodabwitsa kuziika mu nyimbo imodzi. Kwa iye zonsezo ndi kwawo.

Mlimi wa khofi amadziwa kudikira. Mbande imakhala miyezi yambiri panazale, ndipo ikaokedwa pamapita zaka pafupifupi zitatu mtengo usanabereke zoti n'kugulitsa. Nthawi yonseyo ukupalira, ukuthira manyowa, ukuphimbira, ndalama osaiona. Zaka za m'ma 1970 zinali nthawi yotere kwa a Wambali. Agogo awo sankafuna kuti mdzukulu wawo akhale woimba. Komabe a Wambali analowera ku Blantyre n'kukalowa gulu lotchedwa Pentagon, lomwe linkaimba nyimbo za chizungu zotchuka panthawiyo. Atakhala mtsogoleri wa mawu m'gululo, anayamba kusakaniza roko ndi maimbidwe akwathu. Gululo linatha chifukwa chosowa ndalama, ngati mmene magulu ambiri a nthawi imeneyo ankathera, zida zili za eni ake a malo omwera.

Kenako panachitika chinthu chimene mlendo m'munda wa khofi sachimvetsa. Mtengo ukakalamba kapena ukatopa, mlimi amaudula pafupi ndi pansi, n'kutsala chitsa chokha. Wodutsa m'njira amaganiza kuti munda wawonongedwa. Koma pachitsapo pamatuluka mphukira, mlimi n'kusankhapo zamphamvu, ndipo mtengowo umadzaberekanso kuposa kale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 a Wambali anatembenuka mtima n'kusiya zoimba m'malo achisangalalo. Kwa zaka zingapo anakhala chete, akuphunzira ndi kutumikira. Pamene ankabwereranso ku maikolofoni m'zaka za m'ma 1980, anali mu gulu la New Song la bungwe la Youth for Christ, lomwe linkayenda m'masukulu ndi m'mipingo, ndipo linafika mpaka ku South Africa, Namibia ndi Zimbabwe. Mizu inali yomwe ija, koma nthambi zinali zatsopano.

Apa ndi pamene panabadwira funso lomwe linawatsatira moyo wawo wonse: kodi munthu wa ku Mlowe akamatamanda Mulungu, aziimba ngati wa ku Scotland kapena wa ku Tennessee, kapena aziimba ngati wa ku Mlowe? Nthawi imeneyo mipingo yambiri inkaona ng'oma ngati chinthu choyenera kutsala panja pa tchalitchi. A Wambali anakana maganizo amenewo, osati ndi mkangano koma ndi zimbale. Mu 1988 anajambula chimbale chawo choyamba paokha ku Cape Town. Chaka chotsatira anapita ku Britain kukaphunzira za ubale wa nyimbo, chikhalidwe ndi Baibulo, ndipo ali kumeneko anajambula nyimbo zina ku Glasgow. Zimbale za nthawi yoyambayi, monga Tidzamtamanda, Kavuluvulu, Kumtengo ndi Ntchemo, ndi zimene zinaonetsa kuti munthuyu ali ndi njira yakeyake.

Kuti timvetse chifukwa chake zimbalezi sizinkatuluka motsatizana chaka ndi chaka, tiyang'ane kakololedwe ka khofi. Nyengo yozizira ikafika, mayi wa ku Nchenachena amalowa m'munda m'mamawa ndi dengu, mame ali thoo. Panthambi imodzi pamakhala zipatso zobiriwira, zachikasu ndi zofiira. Sangapulule nthambi yonse ngati akukolola nandolo. Amatola chofiira chokha, chimodzichimodzi ndi zala, n'kusiya zinazo kuti adzazibwerere sabata ina. Tsiku lomwelo khofiyo ayenera kufika kumakina osendera, chifukwa akagona amayamba kuwonongeka. Kumeneko amamuthira m'madzi, zoyandama n'kutayidwa. Akasendedwa amavundikidwa kuti thelezi lichoke, amatsukidwa, kenako n'kuyanikidwa pa mathandala kwa masiku ambiri, akumutembenuza ndi manja ndi kuchotsa njere zoipa. Pa dengu lodzaza lija pamatsala kochepa, koma kochepako ndi komwe kali ndi mtengo.

Mukamvetsera nyimbo ya a Wambali mwachifatse mumamva ntchito yotereyi. Nyimbo zambiri za pa wailesi zimayenda mowerengeka kanayi, ndipo phazi limadziwa pogunda. Ng'oma zathu zambiri siziyenda choncho: zimaluka katatu pamwamba pa kawiri, manja akuomba pena, ng'oma ikugunda pena, zonse n'kumakumana patsogolo. A Wambali ankasunga kalukidwe kameneka osakawongola kuti kagwirizane ndi makina. Gitala ya besi ankaipatsa ntchito ya ng'oma yaikulu. Malipenga ankalowa mwachidule, kuyankha mawu a mtsogoleri ngati mmene amayi amayankhira pamtondo kapena pamaliro. Oimba othandizira sankangokometsera kumbuyo. Ankakhala mudzi umene mtsogoleri akulankhula nawo. Pena nyimbo imayamba ndi liwu limodzi lokha, lakuya, n'kumakula pang'onopang'ono mpaka zida zonse zitalowa. Palibe chida chimene chimalira popanda chifukwa. Zimenezi sizichitika mwangozi kapena mothamanga. Ndi ntchito ya munthu amene wataya zoyandama zambiri.

Munda wa khofi umakumananso ndi matalala. Mu Marichi 1992 mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo mu Epulo chaka chomwecho a Chakufwa Chihana, mwana wa ku Mhuju m'chigwa cha Henga, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe chifukwa choitanitsa ufulu wa zipani zambiri. A Wambali anali m'gulu la anthu amene analankhula poyera kuti a Chihana amasulidwe. Masiku amenewo dziko lonse linali ndi wailesi imodzi, MBC, ndipo kanema kunalibe. Woimba amene wailesiyo yamutsekera khomo ankakhala ngati kulibe. Nyimbo za a Wambali zinavutika kupeza mpata, ndipo zimbale zimene anazivutikira kunja sizinafike kwa anthu ambiri. Riferendamu ya mu Juni 1993 ndi chisankho cha mu Meyi 1994 zinasintha dziko, koma zaka zabwino za zimbale zoyambazo zinali zitapita. Iwo anakhazikika ku Mzuzu, akuchita utumiki ndi kuthandiza aluso ena kudzera ku Kajimete Arts Publishing.

Ngakhale khomo litatseguka, panali vuto lina, ndipo ili ndi la lilime. Mukalowa m'nyumba zambiri za alimi a khofi m'mawa, chimene chili pamoto ndi tiyi wamkaka wothira shuga. Palibe cholakwika ndi tiyi: amatenthetsa m'mimba, sachedwa kupsa, ndipo aliyense amamudziwa. Makutu athu nawonso anakulira pa nyimbo zotsekemera msanga. Tinaleredwa ndi Jim Reeves ndi Skeeter Davis, kenako Don Williams, Dolly Parton ndi Kenny Rogers, oimba a country amene nyimbo zawo zimakamba nkhani yomveka pa kayendedwe kofatsa. Demokalase itabwera, msika wa makaseti unadzaza ndi rege ya ku Balaka, imene a Paul Banda ndi Alleluya Band anaikonzera njira ndipo a Lucius Banda anaifikitsa m'minibasi iliyonse. Nyimbo zimenezo zinalankhula za umphawi ndi ufulu m'njira yoti aliyense amve pomwepo, ndipo zinagwira ntchito yaikulu. Khofi satero. Ukamumwa koyamba umamva kuwawa, ndipo fungo lake lenileni umalizindikira pambuyo pake. Nyimbo za a Wambali zinkafuna kuti munthu akhale pansi, azimvetsere kawiri kapena katatu. Pamsika wa makaseti ogulidwa mothamanga pa depoti, zimenezo zinali zovuta.

Tsono panafika nthawi yokazinga. Khofi wouma pathandala amakhala wotuwa, wopanda fungo. Wokazinga ndi amene amatulutsa zimene dothi linaikamo. Akachepetsa moto khofi amakhala wosakoma, akapyoza amapserera. Mu nyimbo, ntchito imeneyi ndi ya wokonza chimbale mu situdiyo. Iye sapeka nyimbo, koma amasankha zida, amayeza kuti liwu likhale patsogolo motani, ng'oma imveke bwanji, ndi pati pofunika kuchotsa. Mu 2002 kunatuluka Zani Muwone, chimbale chojambulidwa ku Johannesburg ndi wokonza nyimbo JB Arthur. Nyimbo zake zinali za a Wambali omwe aja, za chikhulupiriro chomwecho ndi zilankhulo zomwezo, koma tsopano zinapeza situdiyo ndi akatswiri oimba zida oyenerana nazo. Chaka chomwecho anaitanidwa kukaimba ku North Sea Jazz Festival ku Cape Town, chikondwerero chimene pambuyo pake chinasintha dzina kukhala Cape Town International Jazz Festival. Analandira mphotho ya luso kuchokera ku WIPO, bungwe la United Nations loona za umwini wa ntchito zaluso. Anaikidwa pa mndandanda wa opikisana pa mphotho za Kora, ndipo dzina lawo linamvekanso pa mphotho za SAMA za ku South Africa.

Apa kufanana kwake kumapweteka mtima. Khofi wabwino kwambiri wa ku Phoka ndi ku Misuku amapakidwa m'matumba n'kutumizidwa kunja, kumene akatswiri olawa amamupatsa mamalikisi apamwamba. Ife kuno timayamba kumunyadira titamva kuti alendo amutama. A Wambali anali ndi zaka 50 pamene Zani Muwone inkatuluka. Anali ataimba kwa zaka zoposa makumi awiri. Ambiri a ife tinawatchera khutu pokhapokha titamva kuti ku Cape Town awaombera m'manja. Munthuyo sanasinthe, chimene chinasintha ndi chakuti wina wakunja anatiuza kuti chinthu chathu n'chabwino.

Woimba wina akanapezerapo mwayi n'kumatulutsa Zani Muwone yachiwiri ndi yachitatu chaka chilichonse. A Wambali sanatero. Anadikira mpaka 2007 kuti atulutse Moto, ndipo atangotero analengeza kuti akupuma pa zoimba pagulu. Mu 2011 anabwerera ndi Liberty, chimbale cha nyimbo zopembedza. Mu 2015 anatulutsa Calabrash Breath, momwe anapendekera kwathunthu ku jazi. Chimbale chilichonse chinkayang'ana kwina, ndipo amene ankayembekezera zofanana ndi zam'mbuyo ankadabwa. Koma mukaziika pamodzi mumaona kuti munda wake ndi umodzi. Khofi wa chaka cha mvula yambiri sakoma chimodzimodzi ndi wa chaka cha dzuwa, koma wodziwa amazindikirabe phiri limene wachokera. Mu zimbale zonsezi muli zinthu zitatu zosasintha: Mulungu, chilankhulo cha kwawo, ndi ng'oma imene sinachite manyazi.

Ena amafunsa ngati a Wambali anali woimba nyimbo zauzimu kapena wa jazi. Funsoli limachokera ku chizolowezi chathu chogawa oimba m'magulu awiri, a kutchalitchi ndi a kudziko, ngati kuti munthu sangakhale wopemphera komanso katswiri pa luso. Iwo anaonetsa kuti nyimbo yotamanda Mulungu ikhoza kukhala yolukidwa mwaluso mpaka kukaimbidwa pa chikondwerero cha jazi, ndiponso kuti ng'oma ya makolo siichotsera nyimbo ulemu. Mu 2005 UNESCO inalengeza vimbuza kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse a padziko. A Wambali anali atadziwa kale kufunika kwa magundidwe oterewa zaka zambiri chilengezocho chisanabwere. Lero tikamamva oimba monga Peter Mawanga, Lawi kapena Faith Mussa akuika maimbidwe akwathu patsogolo mopanda mantha, tizikumbukira kuti njirayi inalambulidwa nthawi imene kuyendamo kunalibe phindu.

Pali pamodzi pamene fanizoli limathera. Khofi akamwedwa watha, ndipo mlimi amadikira chaka china. Nyimbo siitha ndi kumvetsera, koma ikhoza kutayika mwanjira ina. A Wambali anamwalira pa 31 Januwale 2021 ndi matenda a Covid-19, ali ndi zaka 68. Munda umenewo sudzaberekanso zatsopano. Zimene tili nazo ndi zimene anasiya, ndipo zina mwa izo, makamaka za zaka zoyamba, zinatuluka pa makaseti amene amadyedwa ndi chinyezi ndi nkhungu m'makatoni. Mwana wa ku Nchenachena kapena ku Mlowe amene ali ndi foni lero sachedwa kupeza nyimbo za ku Nigeria ndi ku America, koma za munthu wa m'boma lake lomwe amazipeza movutikira. Ili si vuto la mwanayo. Ndi lathu akuluakulu.

Choncho pali ntchito yoti tigwire. Mabungwe monga COSOMA, nyumba zoulutsa mawu ndi nthambi yosunga mbiri ya dziko agwirizane ndi eni umwini wa nyimbozi kuti zimbale zonse zisungidwe bwino ndi kupezeka mwalamulo, banja la woimbayo lipindule. Aphunzitsi a zaluso m'masukulu a ku Rumphi ndi kwina konse aziwamvetseretsa ana nyimbozi, n'kuwafunsa kuti atchule gule amene akumumva mkati mwake. Otsogolera makwaya aphunzirepo kuti kutamanda Mulungu m'maimbidwe a kwanu si kuchepetsa chipembedzo. Oimba achinyamata atengepo kudekha: nyimbo khumi zosankhidwa bwino zimaposa makumi asanu zopululidwa ndi zosapsa zomwe.

Ndipo inu owerenga, ngati munayesapo kumvetsera a Wambali n'kuona ngati nzovuta, musafulumire kuweruza. Pezani Zani Muwone kapena Moto, mukhale pansi pamalo opanda phokoso, mumvetsere chimbale chonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mawa mubwerezenso. Tisadikirenso alendo kuti atiuze ubwino wa zimene zamera m'dothi lathu.